Amayi amabaya insulini ndiye awawonjezera acarbose, kodi kumwa zaka zambiri nkotheka?

NaPhiri_wa_ku25:

Moni nonse muno. Ndili ndi funso lokhudza amayi anga, mwina alipo amene akudziwa bwino kapena amene akumwa mankhwala omwewa. Amayi ali ndi zaka 63, matenda a shuga anawapeza kalekale, poyamba amangomwa metformin ndi glibenclamide koma shuga atakanika kutsika anawayika pa insulini, amabaya m'mawa ndi madzulo, glibenclamide uja anawasiyitsa koma metformin akumwabe. Vuto ndi loti m'mawa asanadye tikayeza zimakhala bwinobwino, 110 kapena 125 chonchi, koma akangodya nsima masana tikayeza patatha maola awiri shuga amakhala ali ku 260 mwinanso 280. Adokotala a ku pulayiveti anati akakweza insulini ndiye kuti usiku shuga azitsika kwambiri, ndiye anawalembera timapiritsi totchedwa acarbose, pa bokosi palembedwa Glucobay, 50 mg katatu patsiku.

Manambala a masana atsikadi sindinganame. Koma abale mpweya!! Amayi mimba imangolira, imatupa, kuphwisa ndiye osanena, mpaka pano akukana kupita ku Mvano akuti angachite manyazi pakati pa azimayi anzawo, ndipo amayi anga ndi munthu woti Lachinayi samajomba. Chachiwiri chomwe chandiopsa, tsiku lina chakumadzulo anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kuyankhula kosamveka, tinayeza inali 58. Tinawasungunulira shuga m'madzi monga timachitira nthawi zonse koma anachedwa kwambiri kubwerera, kale zikatere pakangopita mphindi zochepa amakhala ali bwino koma ulendo uno tinachita kuwapatsa kapu yachiwiri tili pafupi kuyitana galimoto.

Ndiye ndikufunsa, mankhwala amenewa munthu angamwe zaka ndi zaka pamodzi ndi insulini osaononga chiwindi kapena impso? Nanga mpweyawu umatha? Adokotala aja tikawaonanso mwezi wamawa ndiye ndikufuna ndikapite ndikudziwa chofunsa.

Mjomba_Chikale:

Achemwali asiyitseni basi. Munthu mmodzi jakisoni, metformin, pano china, thupi lake limodzi lomwelo? Mimba ikamakana ndiye kuti thupi likukuuzani. Kwathu kuno anthu akumwa chammwamba ndi madzi a therere shuga akutsika bwinobwino opanda zophwisaphwisa zimenezo.

SisterGee:

A Mjomba pepani koma apa musawasokoneze. Chammwamba adye ngati ndiwo palibe choletsa, koma munthu amene wafika pa insulini simungamuuze kuti asinthanitse mankhwala ndi therere, tawalandira ambiri mu wodi atakomoka kapena phazi litaola chifukwa cha malangizo a mtundu umenewo.

A NaPhiri, ndiyambe ndi cha 58 chija chifukwa ndi chimene chingaphe munthu, mpweya supha. Zomwe munaona sizinangochitika, ndi mmene acarbose amagwirira ntchito ndipo mumayenera kuuzidwa tsiku lomwe munatenga mankhwalawo.

Nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa, zonsezi mkati mwake ndi sitachi. Sitachi ili ngati mkanda wautali, timikanda take ndi glucose, ndipo thupi silingalowetse mkanda wonse m'magazi, liyenera kuudula kamodzikamodzi kaye. Zodulira zake ndi ma enzyme, ina imachokera ku kapamba ndi m'malovu yotchedwa amylase, ena ali pa khoma la matumbo aang'ono otchedwa alpha-glucosidase. Acarbose amapita kukakhala pa ma enzyme amenewo nkuwachedwetsa, ndiye glucose wa mu nsima uja mmalo molowa m'magazi nthawi imodzi amalowa pang'onopang'ono, nchifukwa chake manambala a masana atsika. Sakhudza kapamba kuti atulutse insulini yambiri ayi, ntchito yake yonse imathera m'matumbo momwemo, ndipo gawo lomwe limalowa m'magazi liri lamphamvu ndi lochepa kwambiri, silifika 2 pa 100.

Tsopano shuga wa mu tiyi, wa nzimbe uja, naye si glucose weniweni. Ndi glucose ndi fructose zolumikizana, dzina lake sucrose, ndipo kuti alowe m'magazi ayenera kudulidwa kaye ndi enzyme imodzi mwa omwe acarbose wawagwira aja. Ndiye inu mumathira shuga m'kapu, amayi amamwa, koma shugayo amangodikira m'matumbo pamene insulini ya mu jakisoni ikupitiriza kutsitsa. Acarbose payekha satsitsa shuga mpaka kufika poopsa, koma akakhala limodzi ndi insulini kapena glibenclamide zimatheka, ndipo zikatheka chopulumutsira chomwe tonse tinazolowera chimachedwa.

Chochita: gulani glucose wa ufa uja amagulitsa m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu, kapena timapiritsi ta glucose totafuna, onetsetsani kuti pa paketi palembedwa glucose kapena dextrose. Ameneyo safuna kudulidwa amangolowa. Shuga akatsika pansi pa 70 kapena akaonetsa zizindikiro zija, magalamu 15, pafupifupi masupuni a tiyi anayi kapena asanu m'madzi pang'ono, mudikire mphindi 15 muyezenso, ngati sanakwere mubwereze. Akakhala bwino adye kanthu. Fanta, Sobo, masiwiti, nzimbe musazidalire chifukwa shuga wake ndi wa nzimbe yemweyo. Ngati glucose palibiretu m'nyumba bola uchi chifukwa muli glucose wodukaduka kale. Koma akakomoka osameza musawathire kalikonse mkamwa angatsamwe, mugonekeni chammbali nkuthamangira kuchipatala akawaike dextrose pa mtsempha, ndipo mukafika nenani kuti akumwa acarbose.

Paketi ina izikhala kuchipinda, ina mu kachikwama kawo ka ku tchalitchi, ndipo aliyense m'nyumbamo mpaka mwana wantchito adziwe pomwe ili.

Komanso 58 ameneyo musadikire naye mwezi wamawa, imbani foni kapena pitani. Nthawi zambiri tikawonjezera mankhwala ena pa insulini, insuliniyo imafuna kuionanso, mwina ya m'mawa yachuluka tsopano. Koma musachepetse nokha.

Za mpweya ndibwera ndili pa ntchito.

Kondwani_Leeds:

Ine ndili ku UK kuno ndipo ndikumwa mankhwala a mtundu womwewo a ma enzyme pamodzi ndi insulini zaka zingapo tsopano, anga ndi sitagliptin 100 mg kamodzi patsiku, mpweya sindinauonepo ngakhale pang'ono ndipo shuga akatsika ndimangomwa juwisi basi zimatheka. Mwina amayi anangopatsidwa mtundu wachikale, afunseni adokotala awasinthire. Kuno acarbose sindinamvepo munthu akumutchula, anthu onse pa kiliniki yathu ndi ma gliptin, gulu la sitagliptin yemweyu, kapena ma jakisoni atsopano aja. Manambala anu aja a 260 anayamba andizunguza mutu kkkk kuno timayeza mu mmol, ndachita kugawa ndi 18 ndiye ndapeza 14 ndi kanthu, eee ndi wokwera ndithu.

Wa_Famase:

Achimwene a ku Leeds, onse awiri amagwira enzyme zoona koma si enzyme imodzi ndipo si malo amodzi, ndiye zomwe zimakuthandizani inu shuga akatsika musawauze a NaPhiri kuti atengere. Sitagliptin amatseka enzyme yotchedwa DPP-4. Munthu ukadya matumbo amatulutsa mahomoni, lodziwika kwambiri ndi GLP-1, amene amauza kapamba kuti tulutsa insulini chakudya chafika, nkuchepetsanso glucagon yemwe amakweza shuga. Mahomoni amenewa sakhalitsa, DPP-4 imawaphwanya m'mphindi zochepa. Mukaitseka amakhalitsako. Ndiye sitagliptin sakhudza kagayidwe ka shuga wa mu tiyi, juwisi wanuyo amalowa bwinobwino. Acarbose nkhani yake ndi ina monga a Sister afotokozera.

Ndiyankheko funso lenileni la zaka zambiri chifukwa anthu anafufuza kale, si zongoganiza.

Acarbose si watsopano, kampani ya Bayer ndi yomwe inamupanga kuchokera ku tizilombo ta bakiteriya ta mtundu wa Actinoplanes, ku Germany anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1990 ndipo ku America anamuvomereza mu 1995, kumeneko amamutcha Precose. Ku Ulaya ndi ku America sanatchuke kwenikweni, zomwe a Kondwani akunena nzoona, koma ku China ndi mankhwala wamba kwambiri, ndipo chifukwa chake chimveka kwa ife tomwe, kumeneko mbale imadzadza ndi mpunga ndi zaufa. Mankhwala ogwira sitachi amaoneka mphamvu kwa munthu amene chakudya chake chachikulu ndi sitachi. Ndiye adokotala amene anaganiza za acarbose kwa mayi wodya nsima amene shuga wake amalumpha akadya, ine sindikuona kuti analakwitsa, pomwe panaperewera ndi pofotokoza.

Mu kafukufuku wamkulu wa ku Britain uja wa UKPDS munali gawo lomwe anthu pafupifupi 1,900 anapatsidwa acarbose kapena piritsi lopanda mankhwala kwa zaka zitatu, pamwamba pa zomwe amalandira kale, ena mwa iwo anali pa insulini. Amene anapirira nkumamwabe, HbA1c yawo, nambala yoonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu, inali yotsika ndi pafupifupi 0.5 poyerekeza ndi enawo. Koma pomafika chaka chachitatu amene amamwabe acarbose anali 39 pa 100 aliwonse basi, ambiri anasiya ndipo chifukwa chachikulu chinali chomwechi cha amayi anu, mpweya ndi kutsegula m'mimba. Ndiye musaone ngati amayi ndi a manyazi kwambiri, azungu omwe anathawa.

Wina ndi STOP-NIDDM wa mu 2002, umenewu unali wa anthu amene shuga wawo wayamba kukwera koma sanafike pa matenda, acarbose anachepetsa mwayi wofika pa matenda a shuga ndi pafupifupi 25 pa 100. Anthu anayamba kuyembekeza kuti mwina amatetezanso mtima. Kenako ku China anachita kafukufuku wa ACE, zotsatira zinatuluka mu 2017, anthu opitirira 6,500 a matenda a mtima anawatsatira pafupifupi zaka zisanu, zinapezeka kuti pa nkhani ya mtima acarbose sanathandize komanso sanaononge. Kwa ine phunziro la apo ndi loti anthu masauzande anamwa zaka zisanu popanda choopsa chachikulu kutulukira, koma musayembekeze zodabwitsa. Amatsitsa HbA1c pang'ono, kawirikawiri pakati pa 0.5 ndi 0.8, sanenepetsa, ndipo sangalowe mmalo mwa insulini.

Chiwindi: kwa anthu ena, makamaka pa mlingo waukulu, manambala a chiwindi pa magazi amakwera, ndipo akasiya mankhwala nthawi zambiri amabwerera. Nchifukwa chake malangizo a mankhwalawa amati chaka choyamba magazi a chiwindi aziyezedwa miyezi itatu iliyonse, kenako mwa apo ndi apo. Munthu wolemera makilo 60 kapena kuchepera asapitirire 50 mg katatu patsiku. Amayi akulemera bwanji? Impso acarbose saononga, koma impso zikakhala kuti zafooka kale kwambiri samaperekedwa, ndiye kafunseni kuti creatinine wawo, nambala ya m'magazi yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ali pati, zomwenso ndi zofunika chifukwa cha metformin akumwa uja. Saperekedwanso kwa amene chiwindi chinauma, amene ali ndi zilonda kapena kutupa kwa matumbo kokhalitsa, amene matumbo anatsekekapo, ngakhalenso wa chophukacho chachikulu chifukwa mpweya wochuluka ungachiwonjezere. Ngati amamwa digoxin wa mtima nenaninso chifukwa acarbose amatha kuchepetsa mmene digoxin amalowera.

Ma gliptin a Kondwani nawo si angelo. Sitagliptin anavomerezedwa mu 2006, dzina la pa bokosi ndi Januvia, kafukufuku wa TECOS mu 2015 anaonetsa kuti pa mtima alibe vuto, koma mnzake saxagliptin mu kafukufuku wa 2013 anapezeka kuti anthu ogonekedwa chifukwa cha kufooka kwa mtima anachulukirapo. Palinso chenjezo la kutupa kwa kapamba, ndi losowa koma likachitika ndi ululu woopsa wa pamwamba pa mimba wopita kumsana, komanso ena amamva kuphwanya kwambiri molumikizana mafupa. Impso zikafooka sitagliptin amachepetsedwa mlingo, koma linagliptin safuna kusintha. Nawonso akaphatikizana ndi insulini shuga amatha kutsika mopitirira. Ubwino wake ndi woti piritsi limodzi patsiku, mimba ili zii. Ndi funso labwino kukafunsa adokotala, koma mufunsenso mtengo wa mwezi ndi mwezi, inu a ku Leeds mankhwala a shuga simulipira paja, kuno zimachokera m'thumba.

Kondwani_Leeds:

Ok ndamva bwana, ine ndimangoona ngati ndi banja limodzi. Zakulipira ndiye zoona kuno ukakhala pa mankhwala a shuga amakupatsa khadi yosalipira.

SisterGee:

Ndabweranso. Za mpweya, sitachi imene sinadulidwe kumtunda imatsikira ku matumbo aakulu, kumeneko kuli mabakiteriya amene amaidya nkumatulutsa mpweya, ndiye mpweyawo ndi umboni woti mankhwala akugwira, ngakhale izi sizingawatonthoze amayi pa benchi ya ku tchalitchi. Chomwe ndaona mu nkhani yanu ndi choti anayamba ndi katatu patsiku tsiku loyamba lomwelo. Ambiri timayambitsa pang'ono, 25 kapena 50 mg kamodzi patsiku pa chakudya chimodzi, pakapita sabata kapena awiri kuwonjezera kachiwiri, kenako kachitatu, matumbo amazolowera ndipo kwa anthu ambiri mpweya umachepa pakapita masabata angapo kapena miyezi iwiri itatu. Ndipo musaiwale kuti metformin nayenso amavutitsa m'mimba ndiye awiriwa akumana. Kawauzeni adokotala mosabisa kuti amayi asiya kupita kwa anzawo chifukwa cha zimenezi, osachita nazo manyazi, atha kuwabweza pa kamodzi patsiku nkuyambiranso bwino. Popeza vuto lawo lalikulu ndi la nsima ya masana mwina piritsi la masanalo ndi lomwe likufunika kwambiri.

Kamwedwe kakenso anthu amalakwitsa. Piritsi limwedwe ndi mbamu yoyamba, atafunire limodzi kapena ameze atangotsala pang'ono kuyamba kudya. Akamwa atamaliza kudya ndiye kuti sitachi yadutsa kale, angotsala ndi mpweya wopanda phindu. Akadumpha chakudya piritsinso adumphe, asamwe pa mimba yopanda kanthu ndipo asadzamwe awiri pa chakudya chotsatira. Zotsekemera za shuga wa nzimbe zimawonjezera mpweya ndi kutsegula m'mimba kwa munthu wa acarbose, ndiye ngati amayi amabako tiyi wa shuga mobisa mimbayo iwaulula. Ndipo musawagulire mankhwala a makala aja kapena othandiza kugaya chakudya kuti achotse mpweya, amafooketsa acarbose.

NaPhiri_wa_ku25:

Zikomo kwambiri a Sister ndi a Wa_Famase, ndawerenga mpaka ndakopera mu kope. Glucose ndagula kale madzulo ano mapaketi awiri. Amayi akulemera makilo 71 ndiye apo tili bwino. Zoyeza chiwindi palibe anatiuzapo ndikafunsa. Kamwedwe ndiye ndi pomwe pali nkhani, amamwa akamaliza kudya limodzi ndi metformin chifukwa anazolowera kuti mankhwala amamwa utadya, m'mawa amamwa ngakhale angomwa tiyi wopanda mkute.

Tiyi wa shuga mwalasa a Sister kkkkk mdzukulu wawo anandiuza kale kuti agogo amathira kasupuni kamodzi ine ndikachoka.

Funso lina, nanga poti mankhwalawa akugwira nsima ndiye kuti atha kubwerera ku ufa woyera? Mgaiwa amadana nawo kwabasi amati ndi chakudya cha ku ndende, tsiku lililonse ndi mkangano. Komanso ku maliro ndi ku zinkhoswe amakakhala tsiku lonse, kudya kwake kosadziwika nthawi, thobwa ali ponseponse, pamenepo tizitani?

Bambo_a_Tadala_Joni:

Mayi ine ndiyankhe ngati wodwala mnzawo osati wa chipatala. Ndili ku Johannesburg, ndimabaya insulini ndipo acarbose ndakhala naye nthawi yaitali ndithu, zaka. Miyezi yoyambirira inali yamanyazi, ine ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto ndi anthu mkati ndiye ganizani nokha, mawindo ndimatsegula ngakhale mu June kukuzizira. Koma zinachepa, pano zimangobwera ndikadya mopitirira kapena ndikaphatikiza nsima ndi nyemba ndi kabichi tsiku limodzi, apo ndiye ndimadziwiratu kuti madzulo ndikhala ndekha.

Za ufa woyera ndikuuzeni zomwe kamakina kanga koyezera shuga kanandiphunzitsa. Kuno ufa wa m'masitolo ndi woyera wa papa uja, ndipo ndinkaganiza ngati amayi anuwo kuti piritsi lilipo ndiye ndidye mmene ndikufunira. Ayi ndithu. Piritsi limachedwetsa chabe, sitachi yonse mwadyayo imalowabe pamapeto pake, ndipo mukachulukitsa yotsalayo ndi imene imakasanduka mpweya. Chomwe chimasintha nambala kwambiri ndi kuchuluka kwa mitanda. Mgaiwa ndi wabwinopo chifukwa gaga alimo, koma mitanda itatu ya mgaiwa idzakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa woyera, anthu kumudzi amaona ngati mgaiwa ndi mankhwala ungadye mulimonse. Ndiye mmalo mokangana tsiku ndi tsiku yesani kusakaniza ufawo theka theka, mtanda umodzi ndi theka, masamba ambiri, nsomba kapena mazira kapena nyemba pang'ono, muyeze patatha maola awiri masiku angapo muone nokha, amayi akaona nambala ndi maso awo mkangano umatha wokha. Ma strip oyezera shuga ndi odula ndikudziwa koma sabata imodzi yoyeza mwadongosolo imakuphunzitsani zambiri kuposa kuyeza mwachisawawa mwezi wonse.

Ku maliro ine ndimayenda ndi zinthu zitatu m'thumba, piritsi, glucose, ndi kachakudya kanga monga mtedza kapena kabuledi, chifukwa choopsa kumeneko ndi kubaya insulini m'mawa kenako nsima nkubwera 3 koloko. Piritsi ndimadikira mbale ifike m'manja ndiye ndimwe. Thobwa wa pa mwambo ambiri amathira shuga wambiri, kwa ife ndi zonse ziwiri shuga kukwera ndi mimba kutupa, ndimangolawa pang'ono kuti eni ake asakhumudwe. Ndipo pakhale mmodzi mwa azimayi anzawo a Mvano amene akudziwa kuti mayiwa akayamba kunjenjemera kapena kuyankhula zosokonekera muwapatse cha mu paketi ichi osati Fanta, chifukwa pa gulu aliyense amathamangira Fanta ndi mtima wabwino.

Chinthu chimodzi chomwe sichinatchulidwe, kupezeka kwake. Ndikabwera kumudzi pa holide ndimanyamula okwanira chifukwa ku chipatala cha kwathu ndimapezako metformin, glibenclamide ndi insulini basi, ndipo famase ya pa boma pathu nditafunsa acarbose anachita kundifunsa kuti amalembedwa bwanji. Inu muli mu Lilongwe mwina nkosavuta, koma ngati amayi amapita kumudzi nthawi yolima muwerengeretu. Akatha mwadzidzidzi shuga wa masana abwerera kumwamba kuja, ndipo ngati insulini inachepetsedwa chifukwa cha piritsili ndiye kuti akhala operewera mbali zonse.

Mjomba_Chikale:

Ine ndimangothandiza, koma mwaona nokha kuti mankhwala ake ofuna kuyeza chiwindi miyezi itatu iliyonse. Chabwino akuluakulu a sukulu mwanena.

Wa_Famase:

A Mjomba kuyezako ndiye ubwino wake, timadziwa choyang'ana ndi nthawi yoyang'anira. Zosakaniza za m'mabotolo zomwe anthu akugulitsa m'misika zija nazonso zimafika ku chiwindi chomwecho koma palibe amakuuzani kuti mukayezetse liti.

A NaPhiri kuwonjezera pa zomwe anena a Bambo a Tadala, mukapita kwa adokotala pemphani HbA1c ngati sanayezedwe posachedwa, ndi kuyeza komwe kumaonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Muyezenso pakatha miyezi itatu amayi akumwa moyenera, ndi mbamu yoyamba osati atamaliza. Ngati yatsika, manambala a masana ali bwino, mimba yakhazikika ndipo chiwindi chili bwino, palibe chifukwa chosiyira, atha kumwa zaka. Ngati patatha miyezi imeneyo akuvutikabe mpaka kumadzitsekera m'nyumba chifukwa cha theka la nambala pa HbA1c, ine ndingakambe ndi adokotala za njira ina, kaya gliptin uja, kaya kusintha mtundu wa insulini kuti pakhale yofulumira ya pa chakudya cha masana. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri amasintha ndi zaka, kapamba amapitirira kufooka, ndiye zomwe zikukwanira chaka chino mwina pakapita zaka ziwiri zidzafuna kukonzanso, zimenezo zisadzakudabwitseni nkumati acarbose wasiya kugwira.

SisterGee:

Ndipo piritsi la m'mawa lija ngati akungomwa tiyi wopanda kanthu likungotayika, komanso munthu wobaya insulini m'mawa sayenera kuchoka ndi tiyi yekha, mwina 58 uja anayambira pamenepo. Phala la mgaiwa la nsinjiro lopanda shuga kapena mbatata pang'ono, piritsi ndi supuni yoyamba. Lembani mu kope lanulo nthawi yobaya, nthawi yodya, zomwe adya ndi nambala, mukawaonetse adokotala, ndipo munyamule mabokosi onse a mankhwala osangonena pakamwa.

NaPhiri_wa_ku25:

Ndaimba ku kiliniki kuja andiuza kuti tibwere Lachiwiri m'mawa asanadye kuti atengeretu magazi. Za phala ndiye tiyamba mawa, za theka theka ndawauza akuti aganiza kaye. A Bambo a Tadala, glucose wa mapiritsi otafuna uja kumeneko amapezeka pa mtengo wanji? Ndili ndi mlongo wanga ku Randburg akubwera mwezi wamawa mwina anganditengereko, wa ufayu mu kachikwama ka amayi wayamba kale kutayikira pa Baibulo.